Khutu la Vibiya

"Khala pansi ndikumete. Ndevu zimenezi ukusungira maliro a ndani?"

Anatero malume Opiyo uku akunola lumo pamwala. Numeriyo anangodzigwetsa pampando. Chiyambireni mwezi wa Meyi mwana wa mlongo wawoyu sanalinso munthu ayi. Kudya ankachita kumukakamiza, nyale zadothi zomwe ankaumba zinkatuluka zopindika, ndipo amayi a mumsewu wathu wa ku Subura, kuno mumzinda wa Roma, anali atayamba kale kumuloza ndi milomo akamadutsa.

Nkhani yake panalibe wosaidziwa. Numeriyo anali atatomera Vibiya, mwana wa a Sitayo ophika buledi kumunsi kwa phiri, ndipo akuluakulu anali atagwirana kale manja. Kenako kunatulukira a Fabato, bambo wamasiye wamimba yake, mwini nkhokwe za mafuta a azitona za kumtsinje. A Sitayo atangomva fungo la mafutawo anaiwala zonse. Sanabwere okha n'komwe, anatuma kapolo kudzanena mawu aja omwe amathetsa chitomero kuno ku Roma, akuti zomwe tinapangana sitikuzifunanso. Basi, chitseko gwa!

Chowawa kwambiri chinali chakuti a Fabato sanali munthu woti Numeriyo angamutukwane. Malemu bambo ake a Numeriyo anali kapolo m'nyumba imeneyo asanamasulidwe, choncho mwanayu ankayenera kukaima pabwalo la a Fabato m'mawa uliwonse, limodzi ndi ena odalira nyumbayo, n'kupereka moni waulemu kwa munthu yemwe ankamulanda mkazi.

"Ndinamuona Vibiya dzana, malume," anayankhula Numeriyo lumo lili pakhosi. "Pachitsime cha pamphambano paja, kapolo wa bambo ake ali pambuyo. Ine ndinali tsidya la msewu. Ndinamuitana mpaka mawu kusasa, koma kucheuka kokha, ayi ndithu. Anangosenza mtsuko wake n'kumapita ngati kukuuwa galu."

"Ndiye umayembekezera chiyani? Munthu wanunkhiza mafuta, abwererenso ku dothi lako?"

"Musatero, malume. Vibiya si wotero."

"Onse si otero, mphwanga, mpaka tsiku lomwe atero. Usagwedeze mutu, ndingakucheke."

Malume Opiyo anali msilikali wopuma, ndipo anakwatirapo katatu. Akazi onsewo anachoka okha, dzuwa likuswa mtengo, atasenza miphika yawo. Wina akanachita manyazi, koma iwo ankati zimenezi n'zomwe zinawasandutsa sing'anga wa mitima, ndipo amuna a pometera ankawavomereza chifukwa munthu wogwira lumo satsutsidwa.

"Tamvera," anatero akupukuta lumolo pansalu. "Chikondi ndi malungo basi, ndipo makolo athu anatisiyira mankhwala ake. Ife Aroma tagonjetsa mitundu yometa ndi yosameta yomwe, ndiye tigonje kwa mwana wa wophika buledi? Msewu wa kwawo usaupondenso, uzizungulira ngakhale kutalike. Usamakhale manja lende, umba nyale mpaka msana uwawe. Anyezi usiye, amadzutsa zomwe zagona. Vinyo kaya usamwe n'komwe, kaya umwe mpaka uiwale dzina lako, zapakatikatizi n'zomwe zimaliritsa. Ndipo wina aliyense wochokera kunyumba imeneyo, kaya ndi kapolo, kaya ndi mlezi wake uja, ngakhale galu wawo, usamupatse khutu. Wandimva?"

"Ndamva."

"Sunamve, chifukwa mankhwala enieni sindinanene. Uzibwera pano tsiku ndi tsiku, uziima apo, n'kumatchula zilema zake mokweza kuti makutu ako amve. Mtima ndi chitsiru, umakhulupirira zomwe pakamwa pabwereza."

"Vibiya alibe chilema, malume."

Amuna onse odikira kumetedwa anafa nalo phwete, mpaka wina anatsamwa ndi mtedza.

* * *

Meyi kuno ndi mwezi wa mizimu. Ngakhale wamisala sakwatira mwezi umenewu, maukwati onse amadikira mpaka pakati pa Juni. Anthu ena akanaona mpata pamenepa, koma Numeriyo ankangoona masiku akutha. Anazungulira misewu, anasiya anyezi, anaumba nyale zambirimbiri zosowa wogula, ndipo tsiku lililonse ankakaima pometera paja ngati mwana wasukulu.

"Amaseka mokweza ngati ali kumunda," ankayamba choncho.

"Eya, pitiriza!"

"Mphodza amapsereza. Kuyimba satha, koma amayimbabe. Akakwiya amaluma mlomo wam'munsi, kenako tsaya lake limachita kadzenje apa, ndiye akati akuyang'ane…"

Malume anamugogoda ndi chipeso pamutu.

"Ukumunyoza kapena ukumufunsiranso? Zimenezo ndi zilema? Funa chilema chenicheni, iwe, choti ukachitchula uchite nseru. Munthu unayenda naye chaka chonse, ungalephere kudziwa pomwe pali powola?"

Chinalipo chimodzi chomwe Numeriyo ankachidziwa. Nthawi yomwe zinthu zinali bwino, Vibiya ankakonda kumukokera kudzanja lake lamanja akamayenda, ndipo iye ankangoti ndi matama a atsikana. Tsiku lina ali m'mbali mwa mtsinje wa Tibere, mtsikanayo anamuuza chifukwa chake. Ali wamng'ono anagwetsa dengu la buledi m'matope, bambo ake n'kumumenya khofi lomwe linatseka khutu lamanzere mpaka lero. A Sitayo enieniwo sankadziwa zomwe dzanja lawo linachita. Ankadziwa ndi mayi Sira okha, nkhalamba ya ku Siriya yomwe inamulera mayi ake atamwalira. Zaka zonsezi Vibiya ankabisa, kusankha pokhala, kuyang'ana milomo ya anthu, kuseka pomwe ena aseka.

"Bambo akadziwa adzandiona ngati mphika wong'aluka," anatero tsiku limenelo misozi ili lengelenge. "Ndakuuza iwe wekha chifukwa ndiwe udzagone mbali imeneyo. Lumbira."

Numeriyo analumbira pa mzimu wa bambo ake. Ndiye pometera paja, ngakhale malume anamukakamiza bwanji, ankangobwereza za mphodza zopserera.

* * *

M'mawa wina, pabwalo la a Fabato anthu ataima pamzere wawo wa moni, bwanayo anakweza chala chodzaza mphete n'kuloza Numeriyo.

"Mwana wa Hilaro, tasendera kuno. Wawonda bwanji chonchi? Nyale sizikuyenda malonda?"

"Zikuyenda, bwana."

"Ndikufuna undiumbire ziwiri zabwino, za kuchipinda. Zowala ndithu, ndimafuna ndiziona zomwe ndagula." Anaseka mimba ikugwedera, ndipo anthu onse pamzerewo anaseka nawo, poti kuseka kumeneko ndiye ntchito yawo. "Juni ali pafupi, mnyamata. Kamkazi kanga kaja sikakugona tulo, kakungofunsa kuti kodi Meyi ameneyu atha liti. Dzulo kanachita kundipukuta thukuta ndi manja ake. Unakaphunzitsa bwino, ndikuthokoze."

"Chabwino, bwana," anayankha Numeriyo, ndipo anawerama monga mwa mwambo.

Anatuluka pachipata maso ali psuu. Mumtima munali moto woti ukanaphika njerwa. Sanadzifunse ngati a Fabato ankanena zoona. Munthu wansanje amameza bodza lililonse bola likhale lowawa.

* * *

Anafika pometera anthu atadzaza mpaka mumsewu. Asanakhale n'komwe pansi anamva wina akumukoka malaya. Anali mayi Sira, ali wefuwefu, nsalu itawagwa kumutu.

"Mwana wanga, ndakusaka misewu yonse. Bwanji sukudutsanso kwathu? Ndathawa ntchito, ndilibe nthawi. Tiye apo, ndili ndi mawu ako."

Phazi la Numeriyo linasuntha lokha. Koma malume Opiyo anali atalumpha kale, kusiya munthu atametedwa tsaya limodzi.

"Ayi, ayi, ayi! Amayi, bwererani komwe mwachokera. Wodwala wanga akuchira, ndiye mwabwera ndi malungo ena?"

"Inu a Opiyo, khalani chete, simukudziwa kanthu. Numeriyo, mawu ochepa okha. Vibiya akuti…"

"Usamve, mphwanga! Ndinakuuza chiyani? Akufuna adye mafuta uku iwe akukusunga pachingwe ngati mbuzi. Tchula mankhwala! Mokweza!"

"Amaseka ngati ali kumunda!" anakuwa Numeriyo, maso atatsinzina.

"Mwana wanga, tandimvera…"

"Mphodza amapsereza! Kuyimba satha!"

Amuna aja anayamba kuwomba m'manja, ena kumenya mabenchi. Odutsa anaima. Wogulitsa soseji wa pakona anasiya moto wake kudzaonerera. Mayi Sira anagwira mkono wa Numeriyo ndi manja awiri n'kukweza mawu awo okalamba.

"Vibiya akuti ndikuuze kuti iyeyo…"

M'mutu mwa Numeriyo munabwera manja aja akupukuta thukuta la a Fabato.

"Akuti chiyani gonthi ameneyo?" anabangula. "Eya, gonthi! Simudziwa nonsenu? Khutu lamanzere linafa kalekale! Amangoseka ngati wamva, chonsecho sanamve kanthu. A Fabato agula mphika wong'aluka, akautenge!"

Pometera panagwa chikhakhali chomwe chinamveka mpaka kumsika. Malume anamumenya paphewa monyadira. Mayi Sira okha sanaseke. Anasiya mkono uja pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinkakuyesa munthu," anatero.

Anafunda nsalu yawo n'kulowa m'chigulu cha anthu. Uthenga womwe anabwera nawo anabwerera nawo.

"Wamva kupepuka?" anafunsa malume.

"Ndamva," anatero Numeriyo. Ndipo zoona, anamva kupepuka, konga kwa munthu yemwe wangosanza kumene.

* * *

Mawu a pometera amafika kumtsinje tsitsi lisanasesedwe. Patangopita masiku ochepa mbiri inamveka kuti chitomero cha a Fabato chachitika, mphete yavekedwa, vinyo wamwedwa. Numeriyo anadabwa pang'ono, chifukwa ankaganiza kuti zimenezo zinachitika kale. Koma sanafunse munthu.

"Tsopano watsala muyeso womaliza," anatero malume. "Pita ukagule buledi pamalo pomwepo. Ukamuyang'ane m'maso, ukapereke moni ngati mlendo, ubwere udzandiuze kuti wachira."

Anapita masana, atameta bwino, atavala malaya ochapa. Chitseko cha a Sitayo chomwe chinali chotseka mwezi wonse chinali pululu. Vibiya anali pa thebulo logulitsira, yekha. Anali atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera, ndipo pa chala cha dzanja lamanzere panali mphete yachitsulo.

"Buledi mmodzi," anatero Numeriyo. Mawu anatuluka opyapyala.

"Woyera kapena wakuda?"

"Vibiya…"

"Yankhulani mokweza, bambo. Paja mukudziwa vuto langa. Mzinda wonse ukulidziwa."

Numeriyo anamva manyazi akumukwera kuchokera kumapazi. Koma mankhwala a malume anali akadali m'magazi, ndiye anaumitsa khosi.

"Ndinalakwa kunena, inde. Koma iwe unayamba. Unandisiya ngati chiguduli, n'kumakapukuta thukuta la nkhalamba ija."

"Thukuta?" Vibiya anaseka, koma sikunali kuseka kuja kwa kumunda. "Anakuuzani choncho? Inu n'kukhulupirira?"

Anatsamira pathebulo, n'kuyankhula motsitsa kuti a mkati asamve.

"Mukudziwa lamulo, Numeriyo. Bambo angasankhe mwamuna, koma mphete sivekedwa mwana wamkazi akukana pamaso pa mboni. Amafuna angokhala chete, chifukwa kukhala chete ndiko kuvomera. Ine sindinakhale chete. Anaitana mboni, ndinakana. Anaitananso, ndinakana mpaka a Fabato anatuluka akutukwana. Bambo ananditsekera m'kachipinda ka pamwamba pa uvuni, kotentha ngati ng'anjo, n'kumandipatsa buledi wa dzana. Ndinkangoti Meyi ndi wautali, Numeriyo alipo. Ndipo bambo anali atayamba kutopa. Anauza mayi Sira kuti mwana ameneyu akapitiriza andichititsa manyazi, bola ndimubwezere kwa woumba nyale uja. N'zomwe mayi Sira anabwera kudzakuuzani. Kuti limbani mtima pang'ono pokha, mubwere ndi malume anu mudzagogodenso."

Numeriyo anagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Sindinadziwe. Ndikanadziwa bwanji? Ndinakuitana pachitsime, sunacheuke!"

"Munaima mbali iti?"

Numeriyo anaonanso m'maganizo msewu uja, chitsime, mtsuko, Vibiya akulowera kumunsi kwa phiri, ndi iye mwini ali tsidya, kudzanja lake lamanzere. Mu Roma monse mwamuna yemwe ankayenera kudziwa chifukwa chake anali iyeyo.

"Mayi Sira sanandiuze zomwe munanena," anapitiriza Vibiya. "Anati sanakupezeni, ankafuna kundisunga. Ndinamva kwa a Fabato. Anabwera ndi mboni zawo, anazungulira mpando wanga bwinobwino n'kudzakhala kudzanja lamanja. Akuti, 'Ndikhale mbali ino, mayi, paja woumba nyale walengeza pometera kuti khutu linalo ndi lokongoletsera chabe. Usadandaule, ine mphika wong'aluka ndimautenga, bola mtengo utsike.' Pamaso pa bambo, Numeriyo. Pamaso pa anthu onse aja. Mawu a mphika wong'aluka ndinauza munthu mmodzi yekha pansi pano."

"Vibiya, ndinali wopenga. Ankandikakamiza, ankati ndi mankhwala…"

"Nditafunsidwa ngati ndikukana, ndinafuna chifukwa chokanira, ndinachisowa. Ndiye ndinangokhala chete."

Anatukula dzanja kuti aione bwino mpheteyo. Inali yaikulu, yomangidwa ndi ulusi kuti isavuke.

"Vula," anatero Numeriyo, misozi ikutsika osaibisanso. "Meyi sanathe. Vula, tithawe. Kudoko la Ositiya kuli zombo, ndili ndi manja, ndidzaumba nyale kulikonse. Sindinachire, Vibiya. Ndayesa zonse, sindinachire ngakhale pang'ono. Ndimakukonda kuposa kale."

"Pepani. Koma mukawauze malume anu kuti mankhwala awo ndi amphamvu, asawasiye. Ndinawayesa nanenso. Inu munavutika mwezi wonse kusakasaka zilema zanga. Ine chanu ndinapeza chimodzi chokha, ndimachitchula m'mawa uliwonse, ndipo chikundikwanira."

Anatenga buledi wakuda n'kumuika patsogolo pake. Numeriyo anafuna kugwira dzanja lake, koma Vibiya analibweza msanga n'kulibisa m'nsalu.

"Musanapite," anatero. "Mawa pa moni a Fabato akuuzani okha, koma bola mumve kwa ine. Pa tsiku laukwati pamafunika mboni zosindikiza pangano. Inu ndinu mmodzi wa iwo. Mudzaima kutsogolo, mudzaona ndikupereka dzanja, kenako mudzatiperekeza mpaka pakhomo."

"Sindingabwere."

"Mungawakanire bwana a nyumba yomwe inamasula bambo anu? Mukadye kuti? Mukakhale kuti?"

Numeriyo anadziwa kuti sangakane. Mwana wa womasulidwa akakana kuperekeza bwana wake pa tsiku ngati limenelo, palibe khomo mu Roma lomwe lingamutsegukirenso.

"Munthu ameneyu ndi mfiti," anatero mano ali gwa. "Sizinamukwanire kundilanda? Akufunanso ndidzaonerere?"

"Musawanamizire. Iwo sanakuganizireni n'komwe. Ndapempha ndine."

Pakhomo panafika mayi wina ndi dengu, akufunsa ngati buledi wa masana wapsa. Numeriyo sanasamale kuti pali munthu. Anayamba kuyankhula zonse zomwe zinali kukhosi, za mtsinje uja, za lumbiro, za nyale zopindika, za mmene ankafera tsiku lililonse pamzere wa moni. Anapepesa, anachonderera, anatchula dzina lake mobwerezabwereza. Anali asanayankhulepo mawu okoma ngati amenewo moyo wake wonse.

Koma Vibiya anali atatembenukira kale kwa mayi wa dengu uja. Kwa Numeriyo anasiyako khutu lamanzere.